Nsapato ya pa ulendo kwa amayi achikulire: gulani ya phazi la madzulo

Mayi anga atanyamuka ulendo wawo woyamba wa ku Joni, kukaona kachidzukulu kamene kanali katangobadwa, anavala nsapato yatsopano imene mlamu wanga anawatumizira. Inali yakuda, yonyezimira, yosongoka kutsogolo, saizi 6, nambala imene akhala akuitchula kuyambira ali mtsikana. Basi itangodutsa pa Mwanza anaivula kuti mapazi apumeko. Pofika pa Nyamapanda, pamalire a Mozambique ndi Zimbabwe, pamene aliyense amatsika kukadinditsa pasipoti, nsapato ija inakana kulowa. Anaima pamzere ataiponda kumbuyo ngati silipasi. Ku Beitbridge, pamalire a Zimbabwe ndi South Africa, anachita kubwereka masilipasi a mayi wina wa geni amene anakhala naye mpando umodzi, ndipo mu Johannesburg anatsika ndi za eniakezo, yaulemu ija ili m'jumbo.

Nsapatoyo sinali yoipa ayi. Inangogulidwira phazi la m'mawa, la munthu amene wangodzuka kumene, pomwe ulendo umayendedwa ndi phazi la madzulo, lotupa komanso lotopa. Ndiye tiyeni tione m'mene mungapezere ya phazi limenelo, popanda kutaya kutchena.

Uyendeni kaye ulendowo m'mutu

Musanalowe m'sitolo kapena mumsika, khalani pansi mudzifunse kuti mapazi anu akaponda pati. Ngati ndi kumsonkhano wa amayi a Mvano kapena a Dorika, kumene mumagona m'makalasi, kuima nthawi yaitali poimba ndi kuyenda wapansi kupita kutchalitchi, mukufuna nsapato yopirira fumbi ndi miyala. Ngati pali pokwera kabaza, mukufuna yogwira kumbuyo, chifukwa silipasi imavuka panjira njinga ikuthamanga. Ngati ndi pa ndege kuchokera ku Lumbadzi kapena ku Chileka, musanyengeke kuti mungokhala pampando. Posintha ndege ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg mumayenda mtunda ndithu, pa matailosi oterera, chikwama chili kumanja.

Nyengo nayo muiganizire, ya kumene mukupitako osati ya kuno. Kwathu mvula imagwa kuyambira cha mu November mpaka mu April, matope ali nyatanyata m'madepoti. December yemweyo ku Britain kumakhala kuzizira koopsa ndi kamvula kosatha, pena pansi pamaundana madzi oterera. Ku Joni mu June ndi July usiku kumazizira kuposa chiperoni cha ku Thyolo. Sandasi yotsegula zala siyenda ulendo woterowo.

Kuchuluka kwake, ine ndimati zitatu zakwana: ya pamsewu imene muvale, yaulemu ya kutchalitchi kapena kuukwati, ndi masilipasi osambira. Yolemera kwambiri ndiyo ikhale kuphazi kuti chikwama chipepuke.

Iwalani nambala yanu yakale, yezani phazi

Apa mpamene ambiri timaphonyera. Munthu amati “ine ndimavala 6” ngati akutchula dzina la mfunda, chosasintha. Koma phazi lili ndi mafupa 26 omangidwa ndi minyewa, ndipo minyewayo imalekerera zaka zikamapita. Kubereka, kusenza mitolo ndi ndowa pamutu, kunenepako pang'ono, zonsezi zimatsitsa malo okumbika aja a pansi pa phazi. Akatsika, phazi limatalika ndi kutambasuka. Mafuta a pansi pa chidendene, amene ali ngati katsamiro kachibadwa, amachepa, n'chifukwa chake simenti imene munkayendapo osamva kanthu lero ikupweteka. Kwa ena fupa la m'mbali mwa chala chachikulu limatukumuka, kwa ena nyamakazi imapinda zala. Mayi wa zaka 65 amene akuvalabe saizi ya pa ukwati wake kawirikawiri akufinya phazi osadziwa.

Kale kumudzi ankathyola kamtengo kapena kabango molingana ndi phazi, n'kupatsira wopita kutauni. Nzeruyo inali yabwino, kungoti kamtengo kamanena kutalika kokha, pomwe vuto la amayi achikulire nthawi zambiri limakhala m'lifupi. Chitani chonchi m'malo mwake.

Yezani madzulo, mutayendayenda tsiku lonse. Valani masokosi amene mudzavale pa ulendowo. Ikani chidutswa cha katoni pa simenti, muimepo chilili, thupi lonse litatsamira paphazi. Musadzijambule nokha mutawerama kapena mutakhala pampando, chifukwa phazi losalemedwa limaoneka laling'ono. Itanani mdzukulu azungulize pensulo ataiimika chilili, osaipendeketsera kunsi kwa phazi. Mujambule mapazi onse awiri. Mudabwa kuona kuti limodzi n'lokulirapo, ndipo nsapato imagulidwira lalikululo.

Kenako tengani tepi ya atelala muyeze kuchokera kuchidendene kufika ku chala chachitali kwambiri. Kwa anthu ena chachitali si chachikulu chija koma chotsatira chake. Yezaninso pamene phazi latambalala kwambiri, kunsi kwa zala. Lembani masentimitawo pakatonipo, mudule motsata mzere, muike m'chikwama. Mukafika pogula, lowetsani katoniyo m'nsapato. Ikalowa n'kugona bwinobwino, nsapatoyo ndi yoyenera kuiyesa. Ikapindika m'mbali, ibwezeni pomwepo ngakhale ikhale yokongola chotani.

Inu ana amene muli kutauni kapena kunja ndipo mumagulira amayi nsapato, lekani kufunsa pafoni kuti “amama, paja mumavala saizi chani?” Yankho lake mulidziwa kale, ndipo ndi la zaka 30 zapitazo. Pemphani wina akutumizireni masentimita pa WhatsApp, a m'litali ndi a m'lifupi omwe.

Manambala a pansapato amasokonezanso pawokha. Kuno ndi ku South Africa timawerenga monga a ku Britain. Saizi 6 yathu imayandikira 39 ya ku Ulaya, pomwe ya amayi ya ku America imalembedwa 8. Palinso zilembo zonena m'lifupi. Pa nsapato za amayi za ku Britain, D ndi wamba, E ndi yotakasuka, EE yotakasuka kwambiri. Pa za ku America wamba ndi B, ndipo D ndiye yotakasuka. Ngati phazi lanu ndi lotambalala, funani chilembo, osangokweza nambala. Nsapato yaitali mopitirira imakukwakwazani, ndipo kupunthwa kwa munthu wamkulu sikukhala kwamasewera.

Iyeseni m'manja isanalowe kuphazi

Mwapeza imene katoni yalowa. Musafulumire kuvala, iyambeni ndi manja.

Finyani kumbuyo kwake, pamene pamagwira chidendene. Pazikhala polimba. Pakangofwafwanyika ngati nsalu, phazi lizigwedera m'katimo ndipo akakolo ndi amene azivutika. Kenako igwireni kutsogolo ndi kumbuyo muipinde. Nsapato yabwino imapindika kunsi kwa zala, pamene phazi lenilenilo limapindikira poyenda. Ikapindika pakati ngati chigumu chosapsa, ilibe chogwiriziza phazi. Ikakana kupindika paliponse ngati thabwa, ikutopetsani. Ipotozeninso ngati mukufinya chovala chochapa. Izilola pang'ono chabe.

Tembenuzani muone pansi. Mukufuna labala wokhala ndi timizere ngati ta tayala. Pansi posalala, kaya pachikopa kaya papulasitiki yolimba, ndi ngozi pa matailosi onyowa ndi pa masitepe a basi.

Za kutalika kwa chidendene ndinene mosabisa: gogoda siyendera ulendo. Imakankhira thupi lonse kuzala, n'kumalemetsa mawondo ndi msana. Koma ina imene anthu amaiyesa yabwino, kansapato kaja kopyapyala kogona pansi kwathunthu, kamene atsikana amakapinda n'kuika m'chikwama, nakonso n'konyenga. Mumamva mwala uliwonse ndipo chidendene chimayamba kubaya. Pakatikati ndiye pabwino: chidendene chachikulu m'lifupi, chokwera masentimita 2 kapena 3, kapena weji yotsika imene pansi pake ponse pamagunda nthaka.

Kutsogolo kukhale kozungulira ndi kokwera, zala zizisewera. Yosongoka isiyireni ana.

Chimene ndimachiika patsogolo pa zonse ndi chomangira. Phazi la pa ulendo limasintha kukula tsiku lomwelo, ndiye nsapato iyenera kusintha nalo. Zingwe zimachita bwino kwambiri ntchito imeneyi, kungoti zimafuna kuwerama, ndipo si onse amene msana ndi zala zakumanja zimawalola. Lamba womata wa Velcro ndiye mnzake wa mayi wachikulire: kumasula ndi dzanja limodzi, kumata ndi dzanja limodzi, ngakhale muli mothinana m'minibasi. Ziliponso za zingwe zokhala ndi zipi m'mbali, mumamanga kamodzi basi, kenako n'kumangotsegula zipiyo. Yongolowetsa phazi yopanda chomangira imakoma m'sitolo, koma m'mawa imakhwepa, madzulo imathina, ndipo zala zimatopa ndi kuigwirira kuti isavuke.

Pomaliza lowetsani dzanja m'kati mupapase. Msoko wotukumuka, kamsomali kapena guluu wouma, zimene dzanja likungozimva pang'ono, phazi lidzazimva ngati minga pakatha maola khumi. Ngati chopondera cha m'kati chimachoka, chitulutseni muimepo. Phazi likasefukira m'mbali mwake, nsapatoyo ndi yaing'ono.

Nanga yopangidwa ndi chiyani? Chikopa chofewa chimapuma ndipo chimatsata maonekedwe a phazi. Nsalu yolukidwa ya nsapato zothamangira ndi yopepuka komanso yabwino kwa amene fupa la m'mbali linatukumuka, koma imalowa madzi. Pulasitiki, amene tinavalapo sofiya tikuidziwa: dzuwa la October likawomba, phazi limasambira m'thukuta, matuza osachedwa.

Tsopano valani, zonse ziwiri

Kukagula kukhalenso masana kapena madzulo, masokosi aja muli nawo. Valani zonse ziwiri, mumange bwinobwino, muimirire. Pakati pa chala chachitali ndi kumapeto kwa nsapato pazitsala mpata wokwana chala chachikulu chakumanja mopingasa, kuposa pang'ono sentimita imodzi. Yendani pamalo olimba, osati pakapeti pokha. Tembenukani mwachangu, imani ndi zala, kwerani sitepe ngati ilipo. Chidendene chisamatuluke, m'mbali musamaluma. Musachite manyazi kuyenda uku ndi uku mphindi zingapo, ndalama ndi zanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wogulitsa akuuzani kuti, “Amayi, imeneyi ndi yanu, ikangozolowera phazi itamuka.” Mumuyankhe mwaulemu koma musatenge. Chikopa chimatamukako pang'ono m'lifupi, koma m'litali nsapato sikula. Imene ikuluma m'sitolo idzaluma koposa pa Zalewa.

Mukalowera pa kaunjika

Sindinyoza kaunjika, chifukwa nsapato zabwino zimene ambiri sitingazikwanitse zatsopano, monga Clarks, Ecco kapena Green Cross, zimapezeka pomwepo. Kungoti pamafunika diso. Ziikeni zonse ziwiri pamalo osalala muzione cha kumbuyo. Ngati imodzi yapendekera chifukwa mwini wake woyamba anaidyera mbali imodzi, idzakupendeketsani inunso. Yerekezani manambala a ziwirizo, pakuti pamulu zofanana mtundu zimasakanizika.

Chinyengo chachikulu chili pansi pake. Nsapato zambiri zofewa zili ndi pansi pa pulasitiki wofewa wotchedwa polyurethane, ndipo ameneyu akakhalitsa zaka osavalidwa amafumbwa m'kati ndi chinyezi pomwe kunja akuoneka watsopano. Mumavala tsiku limodzi, n'kuona zidutswa zikutsalira m'njira. Kandani ndi chikhadabo mwamphamvu, pindani kangapo. Pakachita timing'alu, pakanyenyeka kapena pakamata ngati phula, isiyeni, ngakhale osoka nsapato sangaichiritse.

Mukagula, ichapeni kapena kuipukuta m'kati, iume bwino pamthunzi, muikemo chopondera chatsopano. Ambiri timakonda kukaisoketsa mozungulira kuti isamatuke, ndipo pa ulendo wa kumudzi ndi nzeru ndithu. Dziwani chabe kuti mabowo a singano amalowetsa madzi, ndiye imene mwagulira mvula ya ku Manchester musaiboole.

Kutchena sikuli m'chidendene

Amayi ambiri amakana nsapato yabwino poopa kuoneka ngati odwala kapena ngati avala ya amuna awo. Mantha amenewo ndimawamvetsa. Munthu ukupita kwa apongozi kapena kukaonekera kwa ana, sufuna kufika ngati wochokera kudimba. Koma taonani amayi amene amati akatsika basi anthu n'kucheuka. Chimene chimakopa maso ndi kugwirizana kwa zovala, ukhondo wa nsapato, ndi mayendedwe a munthu amene sakumva kuwawa. Wotsimphina pa gogoda satchena.

Mtundu umodzi wodekha umagwira ntchito zambiri. Yakuda imayenda ndi yunifolomu ya kumpingo komanso ndi ya kumaliro. Yofiirira ngati khofi wamkaka kapena yabuluu wakuda imakhala bwino pansi pa chilundu ndi chitenje cha maluwa ambiri, chifukwa siipikisana ndi nsalu. Ngati chovala chili chamtundu umodzi, pamenepo nsapato ikhoza kulankhulako: yofiira moderako, kapena yokhala ndi kachitsulo kagolide pa lamba. Mukaifananitsa ndi duku kapena chikwama cha m'manja, mwamaliza.

Pa maonekedwe, ya lamba mmodzi wodutsa pamwamba pa phazi ndiyo ndimaikonda, imaoneka yachizimayi ndipo imagwira. Sandasi ikhoza kuyenda ulendo wa nyengo yotentha, bola ikhale ndi lamba wa kumbuyo ndi malamba osinthika kutsogolo. Kumaiko ozizira funani kajombo kofika m'kakolo, kazipi, kotakasuka moti sokosi yokhuthala ilowe. Nsapato zothamangira, zimene achinyamata amati ma sneakers, masiku ano zikuvalidwa ndi diresi ndi siketi yomwe, ndipo palibe lamulo loti zimathera pa zaka 40. Sankhani yosachuluka mitundu ndi zolembalemba. Yoyera imawala zedi pabwalo la ndege, koma fumbi lofiira la ku Lilongwe siliichitira chifundo, ndiye ya imvi kapena yakuda ndiyo yosavutitsa.

Ma Crocs ndi abwino pakhomo ndi posamba. Akatha pansi amaterera ngati sopo, ndiye musawadalire pamsewu.

Ngati muli ndi shuga kapena BP

Apa nkhani yasiya kukhala ya kukoma kwa nsapato. Matenda a shuga amatha kupha mitsempha ya kumapazi, munthu osamva kuti nsapato ikumudya, ndipo kabala kakang'ono kamachedwa kupola mpaka kufika poipa. Ngati ndi inu, valani yotseka zala, yopanda misoko m'kati, ndi masokosi osathina kukamwa. Gwedezani nsapato ndi kupapasa m'kati nthawi iliyonse musanavale. Madzulo alionse yang'anani mapazi, pansi ndi pakati pa zala, kapena wina akuonereni. Osayenda chosavala, ngakhale m'nyumba ya alendo.

Mankhwala ena a BP, monga amlodipine, amatupitsa akakolo. Musawasiye chifukwa cha ulendo, koma auzeni adokotala za ulendowo, ndipo nsapato yanu ikhale ya chomangira chosinthika. Masokosi othina aja opangidwira maulendo ataliatali amathandiza kuchepetsa kutupa, koma wa shuga kapena amene magazi sayenda bwino m'miyendo ayambe wafunsa kuchipatala.

Isanyamuke ili yachilendo

Gulani kudakali masabata awiri kapena atatu. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo nsapato yogula dzulo la ulendo ndiyo imabala matuza. Tsiku loyamba ivaleni ola limodzi pakhomo, muvule muone ngati pali pofiira kapena potentha. Mawa lake maola awiri. Kenako pitani nayo kumsika, kutchalitchi, kuchigayo. Pamene pakukhula pang'ono, osoka nsapato akhoza kufewetsa kapena kutamula malo amodziwo. Ikamapwetekabe pakatha sabata, si yanu, ndipo ndi bwino kudziwira pakhomo.

Zikhadabo wengani kudakali masiku angapo, modula chopingasa, osalowa m'makona. Ngati muli ndi zikang'a, pakani Vaseline usiku n'kuvala masokosi, koma pakati pa zala pazikhala pouma. M'chikwama cha m'manja muikemo mapulasitala angapo ndi masokosi ena osinthira. Mukangomva penapake payamba kutentha, matani pulasitala thuza lisanatuluke.

Tsiku la ulendo mangani momasuka. Mukakhazikika pampando, masulani lamba kapena zingwe m'malo movula nsapato yonse. Katundu asadzaze pamene pakuyenera kukhala miyendo, ngakhale ndikudziwa kuti pa basi ya ku Joni mawu amenewa ndi ovuta kuwatsata. Zunguzani akakolo, kwezani zidendene ndi zala mosinthanasinthana, ndipo paliponse pamene basi yaima tsikani muyendeko. M'ndege imirirani nthawi ndi nthawi. Madzi imwani, musadziumitse kukhosi poopa chimbudzi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2007 kuti kukhala osasuntha pa ulendo wa maola 4 kapena kuposerapo kumawirikiza pafupifupi kawiri chiopsezo cha magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, kaya ndi pa ndege, basi, sitima kapena galimoto. Mapazi onse awiri akatupa pang'ono n'kuphwa mutagona miyendo ili pamtsamiro, zimenezo n'zachizolowezi. Koma mwendo umodzi wokha ukatupa, kutentha ndi kuwawa m'katumba, kapena mukayamba kubanika, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Mayi anga ulendo wachiwiri anapita ndi yofiirira ya malamba awiri omata, saizi 7 yotakasuka, imene tinaipeza titazungulira msika ndi kakatoni kathu m'manja. Pa Nyamapanda anangomasula lamba mmodzi n'kutsika. Yakuda yonyezimira ija anapatsa mdzukulu wawo wamkulu, ndipo akamuona atavala amanenabe kuti, “Imeneyotu inali yanga, kungoti inachepa yokha.”